Ndikufuna kukafika ku Shire pa njinga: ndidzere njira iti kuchokera mu Blantyre?

WakuChilomoni
Moni nonse pagulu pano. Mwezi wa June ndinagula njinga yakapalasa ya magiya, yakale koma yolimba. Chigulireni ndakhala ndikupalasa njira imodzimodzi Loweruka lililonse: kuchoka ku Chilomoni, kudzera pa Magalasi, Chirimba, Kameza mpaka ku bwalo la ndege ku Chileka, n'kubwerera. Tsopano miyendo yazolowera ndipo mtima ukufuna kwina. Chimene ndikulakalaka kwenikweni n'kukafika ku mtsinje wa Shire ndi mphamvu zanga. Ndakulira mumzinda muno, madzi amene ndimamwa amapopedwa ku Shire komweko pa Walker's Ferry, koma mtsinjewo ndimangouonera pawindo la basi. Amene munapalasapo, ndithandizeni: nditsikire ku Chikwawa, kapena ndilowere ku Zalewa? Nanga pali njira zina zabwino zakumidzi zomwe munthu angapite n'kubwerako tsiku lomwelo?

Sipoko36
Chikwawa, osafunsanso. Mtsetse umene uja suiwalika.

KabazaWaLunzu
Achimwene a Sipoko, musamukankhire mnzathu kuphompho. Kutsika aliyense amatsika. Funso ndi lakuti abwerako bwanji.

Ine ndapalasa kabaza zaka zambiri, ndipo chimene ndinaphunzira n'chakuti Blantyre ali pamwamba. Kulikonse kumene ungalowere kofuna Shire, popita njinga imakunyamula, pobwera ndiwe umainyamula. Anthu ambiri amayeza ulendo ndi popita, dzuwa lisanatuluke, thupi lili ndi mphamvu. Ayi, ulendo uziuyeza ndi pobwera, nthawi ya 1 koloko masana, madzi atatha m'botolo. A WakuChilomoni, njira ya ku Chileka imene mwazolowerayo ndi makilomita pafupifupi 16 kuchoka m'tauni. Ku Chikwawa ndi pafupifupi 50, ndipo mbali ina ndi phiri lenileni. Musadumphe sitepe.

Sipoko36
Pobwera akwera minibasi, vuto lili pati? Amachotsa tayala lakutsogolo, njinga amaiika kumbuyo, walipira, wafika.

KabazaWaLunzu
Zimatheka, sindikukana. Koma azinyamuka akudziwa kuti ndiye pulani yake, ndalama ya munthu ndi ya njinga ili m'thumba. Osati kukazindikira ali pa Thabwa miyendo itakana.

GogoNjinga
Ndiloleni ndifotokoze bwinobwino za njira ya ku Chikwawa, poti ndaitsika kangapo ndipo kuikwera ndinaikwerapo kawiri ndili ndi mphamvu zanga.

Mukachoka m'tauni mumadzera ku Sunnyside, kudutsa chakwa Stella Maris, pa rodibuloko ya Milare, Mpemba, Chadzunda, mpaka ku Madziabango. Chigawo chimenechi n'chokwera ndi kutsika, palibe choopsa kupatula magalimoto. Tsiku la msika pa Chadzunda muzichepetsa liwiro chifukwa anthu, mbuzi ndi njinga za katundu zimadzaza mumsewu. Mukapitirira pamenepo m'pamene dziko limatseguka, chigwa chonse cha Shire chili pansi panu, mtsinje ukunyezimira ngati lata. Blantyre ali pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pomwe Chikwawa ali chapafupi ndi mamita 100. Kusiyana konseko mumakutsika pa makona okhotakhota, ndipo mumamva mpweya ukusintha pathupi, kuchoka kozizira kulowa kotentha, ngati mwatsegula chitseko cha khitchini.

Tsono nkhani yagona pa mabuleki. Mukagwira buleki osasiya kwa nthawi yaitali, limu imatentha kwambiri moti chubu chikhoza kuphulika, kapena mphira wa buleki kufewa n'kusiya kugwira. Njira yake ndi kugwira mwamphamvu pang'ono, kusiya, kugwiranso, mabuleki onse awiri, ndipo liwiro muzilichepetsa musanalowe pakona, osati muli pakati pake. Imani kawiri kapena katatu, mukhudze limu ndi chala. Ikakuotchani, khalani pansi mudye nthochi, izizire. Musachite manyazi kuima. Magalimoto akuluakulu onyamula shuga kuchokera ku Nchalo amakwera phirilo pang'onopang'ono, ndipo galimoto zing'onozing'ono zimawapitirira ngakhale pakona, n'kulowa mbali yanu. Khalani kumanzere kwenikweni ndipo musamayang'ane chigwa njinga ikuyenda. Mukafuna kuona, imani.

Mukafika pansi pa Thabwa msewu umakhala wathyathyathya, ndipo posakhalitsa mufika pa mlatho wa Kamuzu. Pamenepo ndiye Shire mukufunayo. Muyimirire pamtunda. Musatsikire kumadzi kukasamba kumaso ngakhale kutenthe bwanji, ng'ona za kumeneko si nthano.

WakuChilomoni
Agogo, zikomo kwambiri. Za limu kutentha sindinkazidziwa n'komwe. Mabuleki anga ndi amphira ogwira palimu omwewo.

GogoNjinga
Ndiye gulani mphira zatsopano musanapite, ndipo waya wa buleki mumuonetse kwa okonza njinga. Waya akayamba kuthothoka timawaya pafupi ndi handulo, msintheni.

NamondweBT
Palibe amene wanena za nyengo. Tili kumapeto kwa August. Ngati mukufuna Chikwawa, pitani milungu iwiri itatu ikubwerayi, apo ayi dikirani mpaka May chaka chamawa. October kuchigwa kuja si kopalasako njinga. Ine ndinabadwira ku Dyeratu, ndikudziwa chimene ndikunena. Phula amafewa, mphepo imene imakuomba imakhala yotentha, ndipo botolo limodzi la madzi limatha usanaone kumene wapita.

MayiWaTiyi
Inu nonse mwathamangira kuchigwa, koma mnzathu wafunsanso za njira zakumidzi. Ine ndikuti ayambe wabwera kwathu ku Thyolo. Kuchoka ku Limbe kudzera Chigumula ndi Bvumbwe, msewu ndi wa phula, zitunda zake n'zopirika, ndipo kunja kumakhala kozizira bwino. Pa Bvumbwe mupeza zipatso ndi ndiwo zamasamba zambirimbiri, pobwera mukhoza kumangirira kabichi ndi tomato pakeriyala, kunyumba akakulandirani bwino. Mukapitirira, minda ya tiyi imayamba, yobiriwira ngakhale nthawi ya chilimwe pamene kwina konse kwauma. Kukakhala kowala, phiri la Mulanje limaoneka patsogolo panu lonse lathunthu.

Koma ndipemphe chinthu chimodzi. Misewu yadothi ya m'minda ya tiyi ndi ya eni ake. Esiteti ngati Satemwa, imene inayamba mu 1923, imalandira alendo, koma mumayamba mwafika pageti n'kulankhula ndi alonda. Osamangolowa paliponse chifukwa mwaona kanjira kokongola. Ndiponso mukakumana ndi amayi akuthyola tiyi, apatseni moni musanatulutse foni. Iwo ali pantchito, si maluwa ojambula.

Sipoko36
Ku Thyolo kuli chiperoni mayi. Ndinanyowako mu July, zala zinauma, buleki osatha kuigwira.

MayiWaTiyi
Chiperoni chilipodi, makamaka kuyambira May mpaka August, ndipo chikatsika woyendetsa galimoto sakuona mpaka atakufika pafupi. Ukadzuka m'mawa n'kuona phiri la Soche laphimbika ndi nkhungu, tsiku limenelo usalowere ku Thyolo. Koma September ndi wabwino zedi.

AchemwaliAkuBangwe
Ndilowererepo ngati mzimayi amene amapalasa. Njira zonse mukutchulazi kwa inu abambo ndi nkhani ya miyendo ndi mabuleki. Kwa ife pali zinanso. Ndinapalasapo ndekha pamsewu wa Midima, nditavala buluku la masewera, ndipo pa malo ena ogulitsira zinthu anyamata anandikuwiza mpaka wina kuthamangira kudzagwira chishalo. Ndinatsala pang'ono kugwa. Chichitikireni zimenezo sindiyenda ndekha, ndipo ndimanyamula chitenje m'chikwama, ndikatsika panjinga pamsika ndimamanga. Sindikuti ndi mmene ziyenera kukhalira, koma ndi mmene ndimadzitetezera. Ngati gulu lino likukonza ulendo, muziganizirako kuti alongo anu tilipo ndipo timafuna kupalasa nawo.

KabazaWaLunzu
Pepani kwambiri achemwali. Khalidwe limenelo n'lonyansa. Kumudzi amayi apalasa njinga kuyambira kale, kupita kuchigayo, kusikelo, kumunda, palibe amene amadabwa. Chodabwitsa n'chiyani akavala buluku?

Mwana_wa_Mudi
Achemwali anena zoona, tiziyenda pagulu. Koma ine chimene chimandiwawa n'china. Tikukamba zopalasa makilomita 50 kukaona mtsinje, chonsecho mtsinje tili nawo pakati pa tauni. Mudi amachokera chakuphiri la Ndirande, kudutsa ku Makata, kudzera pafupi ndi msika waukulu wa Blantyre. Bambo anga amanena kuti ali anyamata ankasambira mmenemo. Lero ukamadutsa pamlatho umagwira mphuno. Mapepala apulasitiki, madzi akuda, zinyalala za mumsika, zonse zimathera mmenemo. Tangoganizani kukanakhala kanjira ka njinga ndi anthu oyenda pansi m'mbali mwa Mudi, kuchoka kudamu mpaka m'tauni, mitengo mbali zonse. Munthu wa ku Ndirande bwenzi akufika kuntchito osalimbana ndi maminibasi.

NamondweBT
Maloto abwino, koma m'mbali mwa mtsinjemo anthu anamangamo kale, ena analima. Ndipo pambuyo pa namondwe Freddy mu March 2023 tonse tinaona chimene madzi amachita akakwiya. Kanjira kameneko kakhoza kukokoloka dzinja limodzi.

Mwana_wa_Mudi
N'chifukwa chake ndikuti mitengo. Madzi anatsika ndi miyala ku Chilobwe kuchokera m'phiri la Soche, ndipo tonse tikudziwa mmene phirilo linalili lometedwa. Kusamalira mtsinje ndi kusamalira phiri ndi nkhani imodzi. Inu mukapalasa m'mawa pamsewu wa Chileka kapena wa Lunzu, werengani njinga za makala zimene mukumane nazo zikulowa m'tauni.

KabazaWaLunzu
Apa ndiye ndiyankhepo. Anthu a makala aja musawaone ngati adani. Munthu amanyamuka usiku, matumba atatu panjinga yopanda magiya, kukankha chitunda chilichonse ndi chifuwa. Sachita zimenezo chifukwa chodana ndi mitengo. Ndipo makalawo amagula ndani? Ndi ife tomwe a m'tauni magetsi akazima. Ine ndikakumana nawo pachitunda ndimawapatsa moni, nthawi zina kuwathandiza kukankha. Ndipo ndikuuzeni, tayala likakupherani kutchire, amene adzaime n'kukubwerekani pampu ndi iwowo, osati a galimoto.

Mwana_wa_Mudi
Sindinawanyoze akulu. Mbaula ili m'nyumba mwanga momwe. Ndimangonena kuti ukamayenda panjinga umaona zinthu zimene wa m'galimoto saona.

Sipoko36
Tabwererani ku funso abale, munthu akufuna njira.

Mphunzitsi_Mbombwe
Ndibweze nkhani pamalo pake ndi njira imene palibe waitchula: mishoni ya PIM (Providence Industrial Mission) ku Chiradzulu. Mumachoka ku Limbe kulowa msewu wa Midima, kupatukira ku Nguludi, n'kumapita mpaka ku Mbombwe. Ndi ulendo woti munthu anyamuka m'mawa, nkhomaliro akadyera kwawo mochedwerako pang'ono. Njira yake imadutsa m'midzi, m'minda ya nandolo ndi chinangwa, phiri la Chiradzulu likukuperekezani chakumanzere.

Chimene ndimaikondera njirayi n'chakuti kumapeto kwake kuli chinthu choti ukaone. Pamenepo m'pamene John Chilembwe anakhazikitsa mishoni yake mu 1900 atabwerako ku America, ndipo m'pamene panayambira kuukira atsamunda mu January 1915. Tchalitchi chimene iye anamanga asilikali a boma la atsamunda anachigwetsa. Mishoniyo inadzatsegulidwanso mu 1926 ndi Dr Daniel Malikebu. Ambiri a ife timangodziwa 15 January ngati tsiku lopuma ndi nkhope ya pandalama, koma kukafika pamalopo utatuluka thukuta, n'kuima pamene zinachitikira, nkhaniyo imakulowa mwina. Ana asukulu amene ndinapita nawo panjinga amaikumbukira kuposa zimene ndinawalembera pabolodi.

Ndipo ngati mumakonda mbiri, ngakhale m'tauni momwemu muli ulendo wa Lamulungu m'mawa misewu ili phee: kuyambira pa tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe anachimanga kuyambira 1888 mpaka 1891, kupita ku Mandala House ya mu 1882, kukwera msewu wa Masauko Chipembere mpaka kumyuziyamu ku Chichiri. Koma msewu umenewu musauyese tsiku lantchito nthawi yoweruka.

WakuChilomoni
Aphunzitsi, PIM sindinafikeko chibadwire, ndipo ndakhala mu Blantyre moyo wanga wonse. Imeneyi ndailemba. Nanga za Zalewa palibe wanenapo. Si yosavuta kuposa Chikwawa?

KabazaWaLunzu
Umenewo ndiye msewu wanga. Kuchoka pa Kameza kudzera Lunzu, Lirangwe, Mdeka mpaka pamlatho wa Zalewa. Kulibe phiri loopsa ngati la ku Chikwawa, umatsika pang'onopang'ono osazindikira. Koma ndi wautaliko, ndipo vuto lake ndi magalimoto. Mathiraki opita ku Mwanza kuchipata cha Mozambique, mabasi a ku Lilongwe, onse amadzera mmenemo. Malo ena m'mphepete mwa phula munadyeka, ndiye thiraki ikamabwera kumbuyo kwako ina kutsogolo, iwe ndi amene umatsikira kudothi. Ukamva hutala, usalimbane nayo, tsika. Ndinaonapo anzanga akuvulala chifukwa chokakamira phula.

Langizo langa: yambani ndi Lunzu. Pitani, mudye chipisi pachiwaya, mubwerere. Mukaona kuti pobwera chitunda chokwera kulowa m'tauni simunachimve kuwawa, ulendo wotsatira fikani pa Lirangwe. Shire sathawa.

Chikweza
Ngati njinga yanu ili ndi matayala okhuthala, iliponso njira ya Chileka kupitirira mpaka ku Mpatamanga, kudzera pa Chikuli. Kumeneko Shire amapanikizika pakati pa miyala, madzi akuwinduka, phokoso lake umalimva usanafike. Kwa ine ndi malo okongola kuposa pamlatho wa Kamuzu kapena Zalewa, ndipo magalimoto ndi ochepa. Koma ndi njira yadothi, yamiyala, kotentha, ndipo mukapitirira Chikuli malo ogula madzi ndi otalikirana. Nthawi ya mvula musayese. Muzinyamula chubu chapadera, zigamba, guluu, pampu ndi masipanala. Ine tcheni chinandidukira kumeneko, ndinakankha njinga maola awiri ndisanapeze wokonza pansi pa mtengo wa mango. Anachilumikiza ndi nyundo ndi msomali, ndipo chinandifikitsa kunyumba.

GogoNjinga
Amisiri a pansi pa mtengo amenewo ndi amene amasunga dziko lino likuyenda. Koma dziwani kuti zipangizo zimene amakhala nazo ndi za njinga wamba. Ngati yanu ili ndi matayala a saizi yachilendo kapena vavu yopyapyala ija, chubu chake simukachipeza kumudzi, ngakhale pampu yawo siikwana. Nyamulani zanu.

Sipoko36
Nanga Majete? Munthu atafika ku Chikwawa angopitirira kukaona Kapichira.

NamondweBT
Kuchoka pa boma la Chikwawa kukafika kugeti la Majete ndi ulendo winanso, wowonjezera pa umene wayenda kale. Umenewo ndi wa masiku awiri, wogona konko. Mathithi a Kapichira ndi oyenera kuwaona, m'pamene sitima ya David Livingstone inalephera kupitirira mu 1859, ndipo pali malo opangira magetsi amene anawonongeka ndi namondwe Ana mu January 2022, tonse tikukumbukira mdima wake. Koma m'nkhalangomo muli njovu ndi mikango, njinga imathera pageti.

AchemwaliAkuBangwe
Ine ndikuona kuti tagwirizana mosadziwa. PIM poyamba, Thyolo kachiwiri, kenako Shire. Ngati a WakuChilomoni akupita ku PIM Loweruka lino, ine ndi mnzanga wina tikhoza kudikira ku Bangwe pamsewu wa Midima.

NamondweBT
Mukatero Chikwawa ikugwerani mu October. Ndanena kale.

GogoNjinga
Pali njira yapakati. Apite mpaka pamwamba pa phiri, kupitirira Madziabango, pamene chigwa chimaonekera. Aone Shire ali pamwamba, abwerere. Adziwa msewu, adziwa magalimoto ake, ayesa miyendo pa zitunda za ku Mpemba. Kutsika kwenikweni adzachite mu May kapena June, kunja kukuzizira, tili gulu.

WakuChilomoni
Ndabwera kudzapereka lipoti. Loweruka lapitali tinapita ku PIM anthu anayi: ine, achemwali a ku Bangwe ndi mnzawo, komanso a Chikweza amene anatipeza ku Limbe. Tinanyamuka 6 koloko. Tayala la mnzathu linaphwa titangopatukira ku Nguludi, tinamata pamthunzi ana atatizungulira, wina anathamanga kukatitungira madzi m'beseni kuti tipeze pamene pabooka. Pa mishoni tinakhalapo pafupifupi ola lathunthu. Aphunzitsi, munanena zoona, ndinaima pamenepo osafuna kuchokapo msanga.

Pobwera ndiye ndinakumbukira mawu a akulu a ku Lunzu. Zitunda zimene sindinazione popita zonse zinandidikira, ndipo kuchoka ku Limbe kukafika ku Chilomoni ndinaima katatu. Madzi ndinanyamula ochepa. Chikhala kuti tsiku limenelo ndinali pa Thabwa, phiri lija sindikanalikwera.

Loweruka likubwerali ndikufuna kuchita zimene agogo anena, kukaonera Shire pamwamba. Mphira za mabuleki ndasintha kale dzulo.

KabazaWaLunzu
Mwachita bwino achimwene. Mabotolo awiri ulendo uno, ndi mtedza kapena mbatata yophika m'thumba. Loweruka m'mawa ndimakhala ndi makasitomala opita kumsika, koma la ku Chikwawa mu June mundiuziretu, ndidzapuma tsiku limenelo.

MayiWaTiyi
Thyolo musaiwale. September asanathe.

AchemwaliAkuBangwe
Ife tibwera. Tikumane pati, nthawi yanji?

GogoNjinga
Pa Clock Tower, 5:30 m'mawa. Amene alibe nyali yakumbuyo avale malaya owala. Ine ndikuperekezani mpaka pa Chadzunda, bondo likalola ndipitirira nanu.